Pulofesa wotanganidwa wakulandirani ku PhD: zoyenera ndi zosayenera musanavomere

Kalata yonena kuti mwapeza malo a PhD kawirikawiri imafika munthu atatopa kale ndi kulemba makalata osayankhidwa. Ikafika n'kupezeka kuti wofuna kukuyang'anirani ndi pulofesa wa dzina, mtima umathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Abale auzidwa kale pa WhatsApp, kuntchito ena ayamba kukuitanani kuti "adokotala" mwanthabwala. Chokusowetsani tulo n'chimodzi: aliyense amene mwamufunsa akunena mawu amodzimodzi, "Amenewo ndi katakwe, koma sapezeka."

Ndinene maganizo anga poyambirira pomwe. Kutanganidwa pakokha si chifukwa chokanira malo. Pulofesa amene ali ndi ndalama zolipirira wophunzira wa PhD amakhala wotanganidwa ndithu, pakuti ndalamazo amazipeza ndi kutanganidwa komweko: kulemba mapempho a grant, kukhala m'makomiti, kuyenda m'misonkhano. Chofunika kudziwa n'chakuti iwo akakhala ku Geneva kapena ku Addis Ababa, chaputala chanu adzachiwerenga ndani, ndipo chidzabwerako patapita masiku angati.

Za mtundu wa kutanganidwako

Zoyenera: Fufuzani chimene chimawadyera nthawi, chifukwa otanganidwa sali amodzimodzi. Alipo otsogolera gulu lalikulu la kafukufuku. Pansi pawo pali akatswiri omwe anamaliza kale PhD ndipo akugwira ntchito ngati ma postdoc, pali woyang'anira labotale, pali msonkhano wa gulu lonse pa tsiku loikika sabata iliyonse, mwini wake alipo kaya palibe. Kwa otere, apulofesa akachoka ntchito siima. Alipo ena amene anapatsidwa udindo, ndi Dean kapena wachiwiri kwa Vice-Chancellor, ndipo tsiku lawo limathera pa bajeti, milandu ya ophunzira ndi misonkhano ya Senate. Mtima wokuthandizani ali nawo, koma kafukufuku anamusiya kalekale. Ndiye alipo a mtundu wachitatu, omwe kuno kwathu timawadziwa bwino: malipiro a payunivesite sakwana, choncho sabata ino ali ku Mangochi pa wekishopu ya bungwe lina, sabata yamawa akulemba lipoti la consultancy, Loweruka akuphunzitsa makalasi a anthu apantchito. Sindikuwaweruza, ana awo nawonso amafuna fizi. Koma mwa atatuwa, woyamba yekha ndiye amene kutanganidwa kwake kumapindulira wophunzira.

Muwerengenso ophunzira amene ali nawo kale, kuphatikiza a Masters. Ku South Africa, kumene Amalawi, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe ambiri amapita, boma linalemba mu pulani yake ya chitukuko ya 2012 kuti pofika 2030 dzikolo lizitulutsa ma PhD opitirira 5,000 pachaka, kuchoka pa 1,420 a mu 2010. Nthawi imeneyo aphunzitsi a m'mayunivesite okhala ndi PhD anali 34 okha pa 100 alionse. Boma limaperekanso ndalama ku yunivesite pa wophunzira aliyense womaliza. Mukaphatikiza zimenezi muona chifukwa chake mphunzitsi mmodzi amasenzetsedwa ophunzira ochuluka kuposa amene angawakwanitse, ndi chifukwa chake kulandiridwa n'kosavuta kusiyana ndi kuwerengeredwa.

Zosayenera: Musathawire kwa aliyense wopezeka mu ofesi tsiku ndi tsiku n'kumati mwapulumuka. Mphunzitsi amene ali ndi nthawi yonse chifukwa kwa zaka zambiri sanasindikize kalikonse, alibe grant ndipo alibe anzake kunja, adzakuwerengerani msanga ndithu, koma sadzadziwa kuti funso lanu linayankhidwa kale ndi ena. Dzina la pulofesa wamkulu lili ndi phindu lenileni. Kalata yake yokuikirani umboni imawerengedwa, zipangizo zilipo, ndalama yopitira kumsonkhano imapezeka. Musalinyoze dzinalo. Mungokumbukira kuti dzina siliwerenga chaputala.

Za kufunsa amene anadutsamo

Zoyenera: Pezani nokha ophunzira awo akale. Masiku ano mayunivesite ambiri amaika ma thesisi pa intaneti, ndipo patsamba loyamba pamalembedwa dzina la supavaiza. Tsegulani asanu kapena asanu ndi imodzi, mupite pa tsamba lothokoza. Tsamba limeneli limaulula zambiri kuposa kabuku kotsatsa yunivesite. Ngati apulofesa athokozedwa mu mzere umodzi wouma, pamene postdoc wina wapatsidwa ndime yathunthu yonena kuti "popanda iyeyu ntchitoyi sikanatha", mwadziwa amene ankagwira ntchito. Kenako fufuzani ngati munthu ameneyo akadali pomwepo. Onaninso pa Google Scholar ngati ophunzirawo anasindikiza mapepala dzina lawo lili poyamba, komanso zaka zimene anatenga kuchokera polembetsa kufika pomaliza.

Mukawapeza, imbani foni, musalembe. Funsani zinthu zowerengeka: chaputala chomaliza chimene munatumiza chinabwerako patapita nthawi yaitali bwanji? Ndemanga zake zinali za m'kati mwa nkhani, kapena zongokonza malembedwe? Mwezi wathawu munakumana kangati muli awiri? Alipo amene anasiyira panjira kapena kusintha supavaiza? Wosiyira panjirayo mumufunefune, ndiye mboni yofunika kuposa onse.

Zosayenera: Musafunse kuti "Kodi ndi abwino?" Palibe Mmalawi amene adzakuuzeni kuti pulofesa wake ndi woipa, makamaka ngati akudikirabe siginecha yake. Adzati, "Ndi abwino kwambiri, kungoti uyenera kukhala munthu wodziimira pawekha." Mawu enieni ali pambuyo pa "kungoti". Musadalirenso mayina okhawo amene apulofesa akupatsani, pakuti munthu aliyense amatchula ana ake ochita bwino.

Za kufunsa eni ake

Zoyenera: Pemphani mphindi makumi atatu zolankhulana musanavomere, kaya maso ndi maso kaya pa Zoom. Apa ndi pamene ambiri a ife timagwa, chifukwa tinaleredwa kuti wamkulu akakupatsa chinthu umalandira ndi manja awiri, suyamba kufunsa mafunso. Komatu safunsa anadya phula, ndipo funso likhoza kufunsidwa mwaulemu wonse: "Apulofesa, ndathokoza kwambiri pondiganizira. Ndisanayankhe ndimati mundithandize kumvetsa mmene mumagwirira ntchito ndi ophunzira anu, kuti ndidziwe pokonzekera." Mukatero funsani kuti muzikumana kangati pamwezi, chaputala chimatenga milungu ingati, ndani amasaina mapepala iwo akachoka, ndiponso ngati m'zaka zinayi zikubwerazi akuganiza zopuma pantchito, zopita ku sabbatical kapena zosamukira ku yunivesite ina. Funso lomalizali limachititsa manyazi kufunsa, koma ophunzira ambiri osiyidwa panjira anasiyidwa chonchi, popanda mkangano uliwonse.

Pulofesa wadongosolo amayankha ndi manambala, ndipo nthawi zambiri amakondwera kuti mwafunsa. Akhoza kunena kuti, "Ine tizionana kamodzi pamwezi, Dokotala uje sabata iliyonse, chaputala mundipatse milungu itatu." Yankho lotere, ngakhale likuoneka lochepa, mukhoza kulimangira pulani.

Zosayenera: Musakhutire ndi "Aaa, musadandaule, muzingobwera nthawi iliyonse." Nthawi iliyonse ya munthu amene sakhala mu ofesi ndi nthawi yosakhalako. Musanyalanyazenso zimene mwaona kale. Ngati msonkhano woyambawu wasunthidwa katatu, pa nyengo imene iwo akukufunani, musayembekezere kuti zidzasintha mukadzakhala kuti mwasaina kale.

Za supavaiza wachiwiri

Zoyenera: Limbikirani kuti pakhale wachiwiri, wotchulidwa dzina, wolembedwa m'mabuku a yunivesite. Pa zonse zimene ndalemba pano, ichi ndicho chimasiyanitsa malo oyenera kulandira ndi malo oyenera kukana. Maiko ena anachiika m'malamulo. Ku Sweden lamulo la maphunziro apamwamba limanena kuti wophunzira aliyense wa PhD akhale ndi masupavaiza osachepera awiri, mmodzi akhale wamkulu, ndipo wophunzira akapempha kusintha supavaiza aloledwe. Ku University of Cape Town wophunzira ndi supavaiza amasainirana chikalata cha mgwirizano chonena zimene aliyense akuyembekezera kwa mnzake, ndipo chaka ndi chaka amalemba mmene ntchito yayendera. Mayunivesite ambiri a ku Britain amapereka gulu la oyang'anira m'malo mwa munthu mmodzi, ndipo amafuna kuti misonkhano ilembedwe. Kumene lamulo lotere kulibe, lipangeni nokha: mukamaliza kulankhulana, tumizani imelo yobwereza zimene mwagwirizana, mupemphe kuti atsimikize.

Wachiwiri wabwino nthawi zambiri ndi mphunzitsi wachinyamata amene wamaliza PhD posachedwa. Akukumbukirabe mmene zimawawira, njira zatsopano zosanthulira data akuzidziwa, ndipo kumaliza kwanu kumamuthandiza iyenso kukwezedwa pantchito. Lankhulani naye payekha, mumve ngati akudziwa n'komwe kuti dzina lake laikidwa pa fomu yanu. Zimachitika kuti sadziwa.

Zosayenera: Musavomere wachiwiri wa papepala pokha, pulofesa wina wamkulu wotanganidwa chimodzimodzi, woikidwapo kuti fomu idzaze. Awiri otere amatayirana, aliyense amayesa kuti mnzake wawerenga. Musamangenso chiyembekezo chonse pa postdoc amene kontirakiti yake ikutha chaka chamawa. Funsani tsiku lothera kontirakitiyo, muliyerekeze ndi chaka chimene mudzakhale mukulemba thesisi, pakuti ndi pamene mudzafune wowerenga kuposa nthawi ina iliyonse.

Za mvula ndi kalendala

Zoyenera: Ikani kafukufuku wanu pa kalendala ya kumene mudzakatolere data, muone pamene siginecha ya supavaiza ikufunika. Malangizo ambiri a PhD olembedwa ku Ulaya sanena za ichi, chifukwa wophunzira wa mu labotale akachedwa mwezi umodzi wataya mwezi umodzi basi. Ife sizili choncho. Malawi ali ndi dzinja limodzi, mvula imayamba cha mu Novembala n'kutha cha mu Epulo. Wofufuza za chimanga, mtedza kapena nyemba zodalira mvula, kaya ku Chitedze, ku Bvumbwe, ku Makoka kapena m'minda ya alimi, ayenera kukhala atagula mbewu ndi feteleza, atayeza mapuloti ndiponso atagwirizana ndi alangizi mvula yoyamba isanagwe. Pulani ya kafukufukuyo ikagona milungu isanu ndi umodzi mu imelo ya apulofesa mu Okutobala, chimene chatayika ndi chaka chathunthu. PhD ya zaulimi imafuna nyengo zolima ziwiri kapena zitatu kuti zotsatira zikhulupirike, ndiye pa ndalama ya zaka zitatu palibe dzinja lotaya.

N'chimodzimodzi ndi malungo, omwe amachuluka nthawi ya mvula, ndi kafukufuku wa m'sukulu, yemwe amayendera matemu ndi mayeso. Onjezerani apo chilolezo. Kafukufuku wokhudza anthu sayamba popanda kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha otenga nawo mbali: COMREC ku KUHeS, NHSRC ku Unduna wa Zaumoyo, kapena komiti ya bungwe la NCST pa nkhani za chikhalidwe cha anthu. Makomitiwa ali ndi masiku awo olandirira mapepala, amabweza mafunso, ndipo wolembetsa kunja amafunikanso chilolezo cha yunivesite yake komweko. Pa sitepe iliyonse pamafunika kuti supavaiza awerenge n'kusaina. Auzeni masiku amenewa musanavomere, muone nkhope yawo. Amene anagwirapo ntchito kuno amamvetsa msanga.

Zosayenera: Musaganize kuti zidzalongosoka zokha chifukwa "pali Zoom". Ma PhD ogawa nthawi pakati pa kwathu ndi kunja ndi abwino kwa munthu wa banja ndi ntchito, monga a sandwich a ku Wageningen kapena Commonwealth Split-site amene amakupatsani miyezi 12 ku Britain. Koma kwa supavaiza wotanganidwa, wophunzira wosaoneka m'khonde amaiwalika msanga kuposa onse. Mnzanu wa pomwepo akhoza kuwadikirira pakhomo la ofesi kapena kuwagwira pa tiyi. Inu muli ku Karonga, magetsi azima, bandulo yatha pakati pa msonkhano umene munaudikira mwezi wathunthu.

Za ndalama

Zoyenera: Dziwani mwini ndalama ndi tsiku limene idzathe. Kuchedwa kwa supavaiza amalipira ndi wophunzira, ndipo amalipira ndi ndalama zenizeni. Sikolashipu ya Commonwealth ya PhD ndi ya zaka zitatu. Mayunivesite ambiri a ku Britain amafuna thesisi iperekedwe zaka zinayi zisanathe, choncho chaka chachinayi ambiri amachiyenda opanda malipiro. Ndalama yochepetsetsa imene bungwe la UKRI linakhazikitsa kuti wophunzira azilandira m'chaka cha 2025/26 ndi mapaundi 20,780. Mukaisintha m'makwacha imaoneka ngati chuma, koma lendi ya kumeneko imaidya msanga, ndipo pa viza ya wophunzira pali msonkho wa chipatala wa mapaundi 776 pachaka pa munthu aliyense, mkazi kapena mwamuna wanu ndi ana omwe. Ku South Africa, mgwirizano wa SADC wa zamaphunziro umene unasainidwa ku Blantyre mu 1997 umati ophunzira a m'chigawochi azilipira fizi ngati nzika, ndipo zimenezi zimathandiza. Koma masikolashipu a bungwe la NRF amasiyira ochokera kunja malo 5 okha pa 100 alionse, kotero ambiri amadalira grant ya supavaiza kapena thumba lawo.

Wodzilipirira ndi makwacha akumbukire kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chaka chowonjezera sichidzakhala pa mtengo wa chaka choyamba. Wapantchito awerenge kalata ya tchuthi cha maphunziro ndi bondi: tchuthi chili ndi malire, ndipo chikatha mudzabwerera ku kalasi kapena ku wadi thesisi ili theka, kumene ambiri amakakamira zaka.

Zosayenera: Musalandire malo pa lonjezo lakuti "ndalama ya chaka chachiwiri tidzaona, pali grant ikubwera". Mapempho a grant ambiri amakanidwa, ngakhale a akatswiri. Musaiwalenso kufunsa ngati ndalamayo ili m'dzina lanu kapena la apulofesa. Ili m'dzina lanu mukhoza kusamuka nayo zinthu zikavuta. Ili pa grant yawo, kusintha supavaiza kukhoza kutanthauza kutaya malipiro, ndipo kwa wokhala kunja, viza yomwe.

Za inu mwini

Zoyenera: Dziyezeni moona mtima. Munthu amene wagwira kale ntchito ya kafukufuku zaka zingapo, mwachitsanzo ku Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, ku UNC Project ku Lilongwe kapena ku MEIRU ku Chilumba, amene analembapo pepala n'kulisindikiza, amene amadziwa kuyendetsa gulu la otolera data ndi kusanthula yekha, safuna womugwira dzanja. Amafuna munthu wa diso lakuthwa kamodzi pamwezi ndi wotsegula makomo. Kwa wotere, pulofesa wamkulu wotanganidwa akhoza kukhala wabwino kuposa wina aliyense. Koma wochoka ku Masters molunjika, wosintha gawo la maphunziro, kapena wokagwiritsa ntchito zipangizo zimene sanazionepo, chaka choyamba amafuna munthu wapafupi. Ku Britain chaka chimenecho chimathera pa kuyesedwa ngati mukuyenera kupitiriza, ndipo wolephera akhoza kutsitsidwira ku MPhil.

Mukavomera, vomeraninso kuti woyendetsa ubalewu ndinu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinu wopempha masiku a misonkhano ya temu yonse nthawi imodzi, wotumiza mitu yokambirana pasadakhale, wotumiza masamba khumi okhala ndi mafunso atatu omveka m'malo mwa masamba makumi asanu ndi limodzi okhala ndi mawu akuti "muonepo". Ngati ali ndi mlembi, mulemekezeni ndipo mudziwane naye, pakuti kalendala ili m'manja mwake.

Zosayenera: Musanene kuti "ndidzangolimbikira". Amalawi kulimbikira timatha, koma munthu akhoza kulimbikira miyezi isanu ndi itatu pa njira yolakwika imene katswiri akanaiona m'mphindi khumi. Musapeputsenso za mumtima. Kafukufuku wa ku Flanders, ku Belgium, wofalitsidwa mu 2017 atafunsa ophunzira a PhD 3,659, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali pa chiopsezo cha matenda a maganizo monga kukhumudwa kwakukulu, ndipo mmene supavaiza amatsogolerera chinali chimodzi mwa zinthu zogwirizana ndi vutoli. Ambiri mwa amenewo anali anthu a kwawo komweko, olipidwa bwino. Ganizirani wochokera ku Ntcheu amene wasiya ana, dzuwa likulowa 4 koloko masana m'nyengo yozizira, imelo yake yachitatu sinayankhidwe, ndipo kumudzi onse akumuyesa wodala.

Za kusanduka wantchito wawo

Zoyenera: Gwirizanani poyera za ntchito zina zimene mudzapatsidwe, maola ake ndi malipiro ake. Kuphunzitsako pang'ono n'kwabwino pa CV, ndipo ku Norway malo ena a PhD amakhala a zaka zinayi m'malo mwa zitatu ndendende chifukwa gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawiyo ndi la kuphunzitsa ndi ntchito zina. Kumeneko zimalembedwa mu kontirakiti. Kambiranani za mayina pa mapepala musanayambe kulemba: pa ntchito yochokera mu thesisi yanu, dzina loyamba likhale lanu.

Zosayenera: Musalole kuti kutanganidwa kwawo kutsikire pa inu mwakachetechete. Zimayamba ndi "mundigwirireko kalasi ya mawa", kenako mapepala a mayeso mazana awiri oti muchonge, kenako data ya consultancy yosakhudzana ndi mutu wanu. Wophunzira wakhama ndi waulemu ndiye amasenzetsedwa kwambiri, ndipo pena amachedwa kumaliza chifukwa choti ndi wothandiza. Palinso china chimene sichikambidwa mokwanira, makamaka kwa amayi ndi atsikana: "nthawi yanga ndi yamadzulo okha, mubwere kunyumba" kapena "ndili ku loji, mundipeze komweko". Kutanganidwa sikusamutsa msonkhano wa maphunziro kuuchotsa mu ofesi, mu laibulale kapena pa Zoom. Mukamva kwa ophunzira akale kuti ndi mmene zimakhalira, nkhani yatha pomwepo, musayeze n'komwe zina zonsezi.

Za khomo lotulukira

Zoyenera: Werengani buku la malamulo a ophunzira a PhD la yunivesiteyo musanasaine. Onani amene mungakadandaule kwa iye, mmene supavaiza amasinthidwira, ndi ngati mu dipatimentiyo muli wina wodziwa gawo lanu amene angakutoleni.

Zosayenera: Musapite kumene katswiri wa mutu wanu ndi mmodzi yekha, yemwenso ndi mkulu wa dipatimenti. Dandaulo lanu lidzafikira pa tebulo la amene mukumudandaula.

Za kuyankha

Zoyenera: Pemphani sabata imodzi kapena ziwiri zoganizira, n'zololedwa. Mukaganiza zokana, kanani msanga ndi mwaulemu, muthokoze, munene kuti pa nthawi ino mwasankha njira ina. Dziko la kafukufuku ndi laling'ono, la kuno kwathu ndiye laling'ono zedi. Amene mwamukana lero akhoza kudzakhala woyesa thesisi yanu kapena woweruza pempho lanu la grant. Onaninso njira zimene sizikusiyani m'manja mwa munthu mmodzi. Pulogalamu ya CARTA, yotsogoleredwa ndi APHRC ya ku Nairobi pamodzi ndi University of the Witwatersrand, imasonkhanitsa ophunzira ake m'masemina a pamodzi kuwonjezera pa supavaiza wa ku yunivesite yawo. Mapulogalamu a RUFORUM, monga PhD ya zansomba ku Bunda, amatenga ophunzira m'magulu. Gulu la anzanu oyamba nawo limodzi limatseka mipata yambiri imene supavaiza wasiya.

Zosayenera: Musavomere chifukwa cha mantha akuti mwayi sudzabweranso, kapena chifukwa abale auzidwa kale. Ndikudziwa kuti kunena n'kosavuta. Malo olipiridwa ndi ochepa, zaka zikupita, ndipo mphunzitsi wa payunivesite wopanda PhD amaona anzake akukwezedwa iye ali pomwepo. N'chifukwa chake sindikuuzani kuti mudikire supavaiza wangwiro, kulibe. Koma musanamizirenso kuti simunaone zimene mwaona.

Ngati ndalama ya zaka zonse yatsimikizika pa kalata, pali wachiwiri weniweni amene mwalankhula naye ndipo adzakhalapo mpaka mumalize, ndiponso ophunzira akale anamaliza m'nthawi yoyenera, landirani malowo ngakhale apulofesa muzidzawaona kamodzi pamwezi. Ngati ndalama ilipo koma wachiwiri palibe, musasaine kufikira atapezeka, ndipo muwauze apulofesa mwaulemu kuti ndicho chokha mukudikira. Ngati mukudzilipirira nokha, supavaiza ndi mmodzi, sapezeka, ndipo ophunzira ake ali m'chaka chachisanu ndi chimodzi, kanani, mukalembe kalata ina.